Bokosi la Apongozi

Chaka chimene ndinaphunzira kugwira sowo ndinali nditaphunzitsa sitandade sikisi kwa nthawi yaitali, koma ndinali ndisanakhomepo msomali n'kulowa moongoka. Chitseko cha kunyumba kwathu chikaguluka ankakonza ndi mkazi wanga, ine n'kumamugwirira hamala ndi kumupatsa nzeru.

Zinayamba mu Okutobala, Loweruka lina titapita kukaona makolo a mkazi wanga. Kwawo ndi kumtunda, kupitirira Domasi Mission, komwe msewu wafumbi umayamba kukwera molunjika phiri. Tinapeza apongozi anga aakazi atakhala pamphasa, atayala pamiyendo bulauzi yawo yoyera ya amayi a kumpingo. Makoswe anali atadya kolala yonse. Anali ataboolanso bulangete latsopano limene ankasungira alendo.

Apongozi angawo sankandilankhula mwachindunji. Sikuti panali chidani ayi, unali mwambo umene anakulira. Chilichonse chofuna kundiuza chinkadzera mwa mwana wawo, ngakhale ine nditakhala pompo.

"Uwauze aphunzitsi," anatero kwa mkazi wanga, "kuti m'nyumba muno eni ake ndi makoswe. Ife tikungochita lendi."

Pobwerera kwathu nkhaniyi inandikhala m'mutu. Pabanja paja tilipo akamwini awiri. Mkamwini mnzangayo, amene anakwatira mng'ono wake wa mkazi wanga, amagwira ntchito ku Blantyre, ndipo Khirisimasi iliyonse ankafika pagalimoto ndi mphatso zokulungidwa m'mapepala onyezimira. Chaka chathacho anali atabweretsa wotchi yapakhoma yoimba nyimbo ola lililonse. Ine ndinkafika panjinga ndi sopo, n'kukhala kumapeto kwa benchi. Ndiye ndinaganiza kuti chaka chino ndiwapangira apongozi bokosi losungiramo zovala ndi zofunda, la matabwa, lokhala ndi chivundikiro choti khoswe akalifika angolira n'kubwerera. Ndipo ndilipanga ndi manja anga, kuti mnzanga wa ku Blantyre aone chinthu chimene sichipezeka m'sitolo.

Pa Songani, kuseri kwa magolosale, panali kalipentala wina wachikulire, Msilamu, wosachotsa kofiya kumutu ndi pensulo kukhutu. Adzukulu ake atatu anadutsa m'kalasi langa. Ankapanga mabedi, zitseko, mafelemu a mawindo, ndiponso mabokosi a maliro, amene ankawasunga kuseri. Ankati ngakhale kwawo saika munthu m'bokosi, Akhristu nawonso ndi anansi, ayenera kuthandizidwa.

Nditawauza kuti ndikufuna kupanga ndekha, anandigwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana chikhatho.

"Manja a choko awa, aphunzitsi. Bwanji ndikupangireni ine, inu mukangonena kuti mwapanga nokha?"

"Ayi bambo, apongozi anga amadziwa kununkhiza bodza."

Anaseka, n'kundipatsa mbali imodzi ya benchi lawo. Kuyambira pamenepo, ndikaweruka kusukulu ndinkapalasa njinga kupita ku Songani.

Matabwa ndinagula a malaina kwa anyamata ocheka m'phiri. Anali aatali kuposa ine, ndipo poti anachekedwa mmene mtengo unalili, kutsinde anali otambalala, kunsonga opyapyala. Akalipentala anati ndiwadule pakati, ndiwaongolenso m'mbali. Ndinayesa thabwa limodzi. Sowo inanyamuka bwinobwino pamzere, koma pofika pakati inakhota ngati minibasi yothawa apolisi a pamsewu, n'kukatulukira kwina. Thabwa lija linathera pamoto wa tiyi. Basi ndinalumbira mumtima kuti zodula zichepe, matabwa ndiwalumikiza mmene Mulungu anawalengera.

"Bulangete silifuna kupindapinda," ndinawauza akalipentala. "Likhale lalitali choncho."

Nditakhoma mbali zinayi, iwo anaima chapatali, n'kupendeketsa mutu. Anazungulira, n'kuimanso mbali ina.

"Mmm. Aphunzitsi, mwini wakeyo ndi wamtali bwanji?"

"Si aatali kwenikweni, koma zovala ali nazo zambiri."

Anangobwerera kuntchito yawo. Ndi munthu waulemu kwambiri, ndipo ndikuganiza kuti ankayembekeza kuti ndiona ndekha. Mkatikati mwa Disembala anapita ku Mangochi ku ukwati wa mphwawo, n'kundisiyira kiyi wa shedi. Choncho zomalizitsa zonse ndinaganiza ndekha.

Ndinapaka vanishi wofiirira katatu, mpaka ndinkadziona nkhope pachivundikiro. Kenako ndinaona kuti bokosi lalikulu chonchi lifunika zogwirira, kuti akafuna kusesa azilisuntha. Pansi pa benchi ndinapeza chitini chodzaza zogwirira zonyezimira ngati siliva. Ndinakhoma zitatu mbali iyi, zitatu mbali inayo. Pomaliza ndinakumbukira bulauzi ija, kuti ingamakodwe m'timinga ta matabwa, ndiye ndinagula nsalu yoyera n'kuyala mkati monse. Nsaluyo inachuluka, ndipo posafuna kuitaya ndinaipinda timapindi tokongola m'mphepete, n'kukhoma ndi timisomali.

Mkazi wanga sindinamuuze chilichonse. Ankangoona ndikufika mochedwa, zala zili ndi mapulasitala, tsitsi lili mbuu ndi utuchi.

"Ngati mwapeza mkazi wina," anatero tsiku lina akundisasa kolala, "ndiye kuti amagona m'khola la nkhuku."

Pa 24 Disembala iye ndi ana analawirira m'mamawa kupita kwa makolo ake, komwe tinkakadyera Khirisimasi. Ine ndinati ndiwapeza. Ndinavala jekete langa lakuda, poti ndi lokhalo limene ndinali nalo, ndi tayi, poti kwa apongozi sapita ngati kumunda. Ku Songani ndinamangirira bokosi chopingasa pakaliyala ndi zingwe za mphira. Kumwamba kunali mitambo, ndiye ndinalifunditsa chitenje cha mkazi wanga. Chitenjecho chinali chachifupi, zogwirira zinkaonekera m'munsi. Kupalasa sikukanatheka. Ndinayamba kukankha, pang'onopang'ono, kuopa kukala vanishi.

Tsiku limenelo pa Songani pamakhala phokoso loti sungamve mnzako, koma ine nditatulukira pamsika, phokoso linazilala. Mnyamata wogulitsa mafoni anatsitsa wailesi. Akabaza awiri anatsika panjinga zawo n'kuima m'mbali. Bambo wina amene ankamwa tiyi anaimirira, n'kuvula chipewa. Ine mumtima ndinati, aa, ntchito ya manja imadzilankhulira yokha. Ndinkawagwedezera mutu modzichepetsa. Jekete lija linkanditentha, thukuta linkalowa m'maso, ndiye ndinkayenda ndikupukuta m'maso ndi kampango.

Nditasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, ndinafika pamjigo pomwe panali amayi angapo. Mmodzi wa iwo, wachikulire, ndinkamudziwa, amaimba kwaya limodzi ndi apongozi anga. Anabwera chowerama, ndowa ili m'manja.

"Pepanitu aphunzitsi. Ndi la ndani?"

"La apongozi anga."

"Aamuna kapena aakazi?"

"Aakazi."

Ndowa ija inagwa pansi.

"Mayo ine! Dzana lomweli tinali limodzi kuchigayo, akuseka bwinobwino!"

"Eya, iwo sakudziwa chilichonse," ndinatero motsitsa mawu.

"Adziwa bwanji, mwana wanga, adziwa bwanji. Koma ndiye mwakonza msangatu."

"Msanga? Ndinayamba mu Okutobala. Nditangowaona tsiku lina atakhala pamphasa, ndinadziwa kuti apa pafunika bokosi."

Mayi aja anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Chonde musauze anthu," ndinawapempha. "Ndikufuna ndikafike kaye ndekha."

Ndinapitiriza ulendo ndikudabwa kuti anthu ena mphatso ya mnzawo imawakhudza mtima chonchi. Ndisanapite patali mvula inayamba, yamphamvu. Ndinathawira m'chisakasa cha ogulitsa tomato chimene munalibe munthu, ndipo ndinakhalamo pafupifupi maola awiri, nditakumbatira bokosi kuti lisanyowe. Chapatali, kudutsa m'minda, ndinkamva ngati amayi akulira. Ndinati kalanga, anthu ena Khirisimasi yawaipira.

Mvula itakata ndinayamba kukwera chitunda, matope akumata matayala. Pamphambano yolowera m'mudzi wa apongozi ndinapeza masamba aawisi atayalidwa mumsewu, chizindikiro chakuti pamudzi pagwa zovuta. Ndinayenda mwaulemu, ndikuganiza kuti kaya ndi ndani. Koma masamba ena anali panjira yolowera kwa apongozi anga enieniwo. Apongozi aamuna ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ndinangoti basi, atisiya.

Pabwalo panali anthu. Abambo anakhala pansi pa mtengo wa mango, amayi anadzaza pakhonde akuimba nyimbo yachisoni, anyamata ankatulutsa mipando ndi matebulo m'nyumba. Ndipo apo, atatsamira khoma, miyendo atatambasula m'matope, panali apongozi anga aamuna, amoyo, akulira ngati mwana.

Ndiye kuti ndi amayi. Mayi amene ndinawagwirira ntchito miyezi iwiri, apita osaona n'komwe mphatso yawo. Misozi inatuluka, yeniyeni tsopano, ndipo ndinalira mokweza, mpaka bambo wina anabwera kudzandigwira paphewa.

Abambo ena anamasula zingwe pakaliyala, n'kuchotsa chitenje. Anthu asanu ndi mmodzi anagwira zogwirira zija, atatu uku, atatu uku. Ananyamula, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, mapazi akuponda pamodzi, mbali yotambalala ili kutsogolo. Ndinawayang'ana kupyola m'misozi, ndipo apa m'pamene ndinaona koyamba chinthu chimene ndinapanga.

Mkulu wa mpingo, bambo wodekha wa magalasi, anabwera kudzanjuta pafupi nane.

"Pepani aphunzitsi. Mwagwira ntchito yotamandika. Nanga thupi lili kuti? Likadali kuchipatala?"

"Thupi la ndani?"

"La amayi."

"Inu mwamva kwa ndani?"

"Kwa inu. Si inu mwauza amayi a pamjigo?"

Pambuyo pake ndinamva mmene nkhani inayendera. Pochoka pamjigo inali yakuti amayi amwalira. Pofika pagolosale inali yakuti anagwa m'tchalitchi akusesa. Pofika pabawo, pomwe apongozi aamuna ankasewera, inali yakuti anawatengera kuchipatala pagalimoto ya abusa, ndipo mkamwini anadziwa kale za matendawo mu Okutobala koma anabisa. Kutchalitchi palibe anapita kukaona, chifukwa ndi kutsidya kwa kamtsinje ndipo madzi anali atadzaza. Foni ya mkazi wanga inali yozima, magetsi kwathu anali atathima masiku awiri.

Ndisanayambe kufotokoza, kunjira kunamveka mfuu.

Anali apongozi anga aakazi. Iwo, mkazi wanga ndi ana anali atapitadi kukasesa ndi kukongoletsa tchalitchi, mvula n'kuwatsekereza komweko mpaka madzi ataphwa. Ataona masamba panjira ndi khamu pakhomo pawo, anataya tsache, n'kuika manja kumutu.

"Amuna anga ine! Ndinawauza kuti asiye mchere! Amuna anga ine, mwandisiyira ndani!"

Nyimbo pakhonde inaduka pakati pa mawu. Amayi anabalalika. Aja a pamjigo, amene masiku onse amadandaula mawondo, analumpha mulu wa nkhuni osaukhudza. Anyamata awiri amene ananyamula tebulo analisiya n'kulowa m'chimanga. Apongozi aakazi sanaone zonsezi, anangolunjika kukhomo akulira, mpaka anapunthwa pa miyendo ya amuna awo.

Anayang'anana.

"Mayi, ndinu?" anafunsa apongozi aamuna.

"Inu muli moyo? Nanga wafa ndani?"

"Inuyo."

"Ine?"

"Akutero aphunzitsi."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinagwada m'matope momwemo, ndi jekete ndi tayi, n'kufotokoza kuyambira pa makoswe. Ndinafotokoza za bulauzi, za sowo yokhota, za zogwirira za m'chitini. Mkazi wanga ankandiyang'ana ngati akuona munthu wachilendo.

Apongozi aakazi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kulowa m'nyumba. Tonse tinatsatira mpaka pakhomo. Pabalaza panali patachotsedwa chilichonse, bokosi lili pakati, pamphasa yatsopano. Analizungulira kamodzi. Anatsegula chivundikiro, n'kusisita nsalu yoyera ija, n'kugwiragwira timapindi.

"Uwafunse aphunzitsi," anatero kwa mkazi wanga, "anandiyeza liti?"

Mkulu wa mpingo anayamba kutsokomola. Anatsokomola mpaka anavula magalasi, kenako anatuluka panja, ndipo tinamumva akuseka kuseri kwa nkhokwe. Basi pabwalo ponse panasweka. Anthu amene ankalira aja ankagwa pansi ndi phwete, misozi yake yomweyo.

Apongozi aakazi sanaseke. Anatuluka, n'kukhala pampando umene anyamata anausiya pabwalo, n'kuyamba kufunsa mmene maliro awo anayendera. Anafika woyamba ndani? Analira kwambiri ndani? Atamva nyimbo imene inkaimbidwa, anakwiya, ati imeneyo saikonda, amayi a kwaya akudziwa bwino imene anasankha. Atamva kuti mayi wina woyandikana nawo, amene anakangana naye za malire a munda, ndi amene anabweretsa nkhuni zambiri, anamuitana kuti akhale nawo pafupi. Kenako anafunsa za amuna awo.

"Awa analira?"

"Analira zedi, mayi," anayankha mkulu wa mpingo. "Anasiya bawo akupambana."

Apongozi aakazi anayang'ana kumbali, n'kukonza duku lawo limene silinasokonekere.

Vuto lina linali lakuti anyamata achangu anali atapha kale mbuzi ya Khirisimasi kuti adyetse okhuza maliro. Mbuzi siibwerera. Ndiye anthu anangokhala, mpunga unaphikidwa, ndipo mudzi wonse unadya Khirisimasi ya apongozi anga tsiku lisanafike. Ine ndinadyera kuseri kwa khitchini, ndekha.

Dzuwa litapendeka tinamva galimoto ikulimbana ndi matope. Inali ya mkamwini mnzanga. Wina anali atamuimbira foni masana, koma palibe anakumbukira kumuimbiranso. Mlamu wanga anatsika maso ali otupa, ataona mayi ake akutafuna nyama anakhala pansi pomwepo. Pamwamba pa galimoto panali patamangidwa chinthu chachitali chokutidwa ndi pulasitiki. Mnzangayo anali atamva kuti aphunzitsi abwera ndi bokosi lopanga okha, ndipo anati apongozi ake sangapite m'bokosi la mphunzitsi. Anagula lake ku Blantyre, loyera, la kagalasi pankhope.

Apongozi aakazi anaimirira, n'kupita kukaliona. Anakweza pulasitiki, n'kusuzumira pakagalasi paja. Kenako anaitana mkazi wanga.

"Uwauze aphunzitsi kuti ndawakhululukira. Iwo amafuna kusunga mabulangete. Koma awa," analoza mnzangayo, "awa amafuna kusunga ine."

Chiyambire kukwatira pabanja paja, limeneli linali tsiku loyamba kuti ine ndikhale patsogolo pa mnzanga wa ku Blantyre. Iye anabwerera nalo bokosi lake tsiku lomwelo, ati likagona pamudzi anthu ayambanso kuyala masamba.

Mkazi wanga sanandilankhule mpaka m'mawa mwake. Tili m'tchalitchi, ulaliki uli mkati, ndinaona mapewa ake akugwedezeka kumbali ya amayi. Anayesa kudziphimba ndi buku la nyimbo, koma zinakanika, mpaka anatuluka ngati akukamwetsa mwana madzi.

Bokosi langa apongozi anakana kuti ligone m'nyumba. Linakhala pakhonde sabata ziwiri, ndipo alendo akaliona ankabwerera m'mbuyo. Chaka chatsopano chitalowa, akalipentala anabwera kuchokera ku Mangochi. Nkhani anali ataimva kale m'minibasi, kwa munthu wosandidziwa, ndipo mmenemo inali yakuti apongozi anadzuka m'bokosi momwemo. Anakwera nane kumtunda atanyamula sowo yawo. Anachotsa zogwirira, n'kudula bokosi pakati, mzere woongoka ngati wa rula, n'kutseka kumapeto ndi matabwa ena. Panatuluka mabokosi awiri, lina lalikulu, lina laling'ono. Tinawapaka penti yobiriwira. Lalikulu analowetsamo mabulangete, laling'ono zovala za kutchalitchi. Akalipentala anakana kulandira chilichonse, ati kuseka kumene anaseka m'minibasi kunakwana.

Madzulo ake apongozi aamuna anandiperekeza mpaka pamphambano, chinthu chimene anali asanachitepo. Tinayenda limodzi, ine ndikukankha njinga. Pofika pamsewu anaima, n'kuyang'ana kumbuyo ngati pali wina akumva.

"Aphunzitsi, musadandaule kwambiri ndi zija. Chiyambire tsiku lija amayi anu akumanditenthetsera madzi osamba. Dzulo anandifunsa ngati ndakhuta. Zaka zonsezi sanandifunsepo."

"Zikomo bambo."

"Chaka chino mundipangire mpando. Koma ukhale mpando woti munthu akauona patali adziwe kuti ndi mpando."

Ndinavomera. Anandigwira dzanja, n'kubwerera kwawo, ndipo ine ndinakwera njinga kutsetsereka chitunda.